Kalongedzedwe ka Chikwama Popita ku Dar es Salaam, Mzinda wa Thukuta Losauma

Amene anakhalapo ku Nsanje kapena ku Ngabu mwezi wa Okutobala amakudziwa kutentha, ndipo akamva za Dar es Salaam amangoti palibe chachilendo. Chachilendo chilipo. Kutentha kwa ku Chigwa cha Shire nyengo imeneyo n'kouma: thukuta likatuluka limauma, ndipo malaya ochapa m'mawa amakhala atauma nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Dar es Salaam ili m'mphepete mwa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wodzaza ndi chinyezi. Thupi la munthu limazizira thukuta likamauma pakhungu, koma mpweya ukakhala kuti wakhuta kale madzi thukutalo limangoyenderera. Munthu amasamba, n'kuyamba kutuluka thukuta asanamalize kudzipukuta. Tawulo yogwiritsa ntchito m'mawa imafika madzulo ikadali yonyowa.

Choncho chinthu chilichonse chisanalowe m'chikwama chiyankhe mafunso awiri: chikanyowa chiuma? Nanga ndichinyamula ndekha padzuwa limenelo? Malangizowa ndi a ulendo wa sabata imodzi kapena ziwiri, kaya mukukaoda katundu kumsika waukulu wa Kariakoo, kukatenga galimoto kudoko, kukaona abale kapena kumsonkhano. Zambiri mwa izi zimagwiranso ntchito ku Beira, Nacala ndi Mombasa.

Choyamba: yang'anani mwezi umene mukupita

Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi pamene kumatentha koopsa. Masana kumapitirira madigiri 30, ndipo usiku kumangotsika pang'ono, pafupifupi 25, moti kugona popanda fani n'kovuta. Mvula yaikulu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, makamaka Epulo. Ina yocheperako imabwera chakumapeto kwa chaka, Okutobala mpaka Disembala. Juni, Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi yabwinoko, kamphepo kamakhalapo, komabe musaganize za chisanu cha ku Dedza. Ngati mukupita nthawi ya mvula yaikulu, dziwani kuti madera otsika monga Jangwani, m'chigwa cha mtsinje wa Msimbazi, amasefukira mpaka kutseka msewu wa Morogoro, ndipo pali tsiku lomwe mudzayenda m'madzi. Zimenezi zikhudza nsapato zomwe mutenge.

Chachiwiri: zikwama zikhale ziwiri

Chachikulu chopita m'buti ya basi kapena pansi pa ndege, ndi chaching'ono chobereka kumsana chomwe sichichoka m'manja mwanu. Chachikulucho chisakhale chachikulu kwenikweni. Sutukesi yamateyala imayenda bwino pabwalo la ndege la Julius Nyerere, koma m'timisewu todzaza anthu ta ku Kariakoo, kapena pokwera bajaji (njinga yamoto ya mateyala atatu) kuchokera kudepoti ya Magufuli ku Mbezi, imasanduka mtolo. Chinyamuleni kunyumba chitadzaza, muyende nacho kuzungulira nyumba kawiri. Ngati mwapuma wefuwefu muli kuno, chepetsani. Ogula katundu apinde chikwama chija chamizeremizere chokhala ndi zipi n'kuchiika pansi pa zovala. Chidzagwira ntchito pobwerera.

Chachitatu: sankhani zovala poyang'ana nsalu

Apa ndi pamene ulendo umakomera kapena kuwawa, ndiye tisathamangepo.

Tulutsani zovala zonse zomwe mukuganiza kutenga, muziyale pabedi. Tengani chimodzichimodzi, muchitambasule choyang'ana kuwindo. Ngati kuwala kukudutsa pang'ono, mphepo nayonso idutsa. Chiikeni pakamwa muuzire: mpweya ukamveka kuseri kwa nsaluyo, chovalacho chipite nawo. Kenaka yang'anani kalebulo kam'kati. Thonje lopyapyala, bafuta ndi viscose ndi zomwe zimapepuka pathupi. Poliyesitala ndi nayiloni zokhuthala zimatsekera thukuta m'kati, zimamatirira kumsana, ndipo pofika masana zimakhala zitayamba fungo ngakhale munasamba bwinobwino. Pakaunjika malaya a thonje opyapyala amapezeka pamtengo wabwino, ndipo atatu kapena anayi ogula kumeneko amaposa sutukesi yodzaza zovala zokongola zosavalika.

Thonje nalonso lili ndi malire. Likakhala lokhuthala limamwa thukuta n'kulisunga. Ndiye chifukwa chake jinzi ndi chovala choipitsitsa ku Dar es Salaam: imalemera, imatentha, ikanyowa imasupula ntchafu, ndipo mukaichapa ikhoza kutha masiku awiri isanaume. Ngati simungathe kuyenda popanda jinzi, ikhale imodzi yokha, yovala m'basi. Majezi a mpira ndi zovala zothamangira zimauma msanga, n'zothandiza tsiku loyenda kwambiri, koma zimafuna kuchapa tsiku lomwelo.

Amayi ayang'ane m'kati mwa madiresi awo. Diresi yachitenje yosokedwa bwino nthawi zambiri imakhala ndi nsalu yam'kati yoterera, ndipo nsalu imeneyo ndi yomwe imawotcha. Sankhani yopanda nsalu yam'kati, yotaya, yosathina m'chiuno ndi m'khwapa. Abambo opita kumsonkhano atenge jekete imodzi yopepuka, aziinyamula pamkono n'kuivala atalowa m'chipinda chozizira. Tayi ikhale m'thumba mpaka pakhomo.

Ambiri amaganiza kuti kukatentha mankhwala ake ndi kuvala zazifupi. Onani mmene eni dera amavalira: amuna achisilamu mikanjo yoyera yaitali, amayi nsalu zopepuka zotaya zofika kumapazi. Chovala chachitali chotaya chimaphimba khungu kudzuwa, chimalola mphepo kuyenda m'kati, madzulo n'kutchinga udzudzu. Chimakupatsaninso ulemu. M'mphepete mwa nyanja Asilamu ndi ambiri, ndipo ngati mudzakwere boti kupita ku Zanzibar, ulendo wa maola pafupifupi awiri, m'tauni ya Stone Town muyenera kuphimba mapewa ndi mawondo. Kabudula ndi zosambira n'za kugombe, monga ku Coco Beach kapena ku Kigamboni. Zovala zamawangamawanga zofanana ndi za asilikali zisiyeni kunyumba, ku Tanzania anthu wamba saloledwa kuvala zimenezo.

Mtundu wa nsalu nawo uli ndi mbali yake. Zakuda zimamwa dzuwa. Zotuwa ndi zabuluu wowala zimaonetsa thukuta lonse la m'khwapa ndi kumsana. Zoyera mbee zimada msanga mumsika. Zamaluwa ndi zamizeremizere zowala ndi zomwe zimabisa zonse.

Nanga zingati? Pa sabata imodzi: malaya kapena mabulauzi anayi kapena asanu, mabuluku kapena masiketi awiri, chovala chimodzi chapamwamba cha kutchalitchi, kumzikiti kapena kumsonkhano, ndi chogonera chimodzi chopyapyala. Muzidzachapa madzulo aliwonse, ndiye zambiri n'zosafunika. Pomwe simuyenera kuumira ndi pa zovala zam'kati. Mudzasamba kawiri patsiku, mwina katatu, ndipo kubwereza chovala cham'kati chonyowa ndi thukuta ndiko kumayambitsa zidzolo ndi kuyabwa m'mphechepeche. Tengani zokwana masiku onse ndi zina ziwiri zapadera, zonse zathonje. Amene ntchafu zawo zimakhulana poyenda atenge tikabudula topyapyala tofika pakati pa ntchafu.

Ndipo chitenje chisatsale, kaya ndinu mayi kaya bambo. Chimakhala chofunda usiku wotentha, choyala pabedi lomwe simukulikhulupirira, tawulo youma msanga, chophimba kumutu polowa pamalo opemphererapo. Tawulo yaikulu yokhuthala isiyeni. Imatenga malo ndipo siuma. Onjezerani timipango tiwiri kapena titatu topukutira kumaso, chipewa chamlomo waukulu, ndi ambulera yopinda yomwe idzagwire ntchito pamvula ndi padzuwa pomwe. Jekete yamvula ya pulasitiki idzakunyowetsani ndi thukuta lanu lomwe.

Chachinayi: musaiwale kuti njira yake ndi yozizira

Ichi ndi chomwe anthu amachiphonya akamva kuti Dar es Salaam ndi kotentha. Oyenda pabasi akawoloka malire a Songwe kulowa ku Kasumulu amayamba kukwera mapiri a Tukuyu kupita ku Mbeya, mzinda womwe uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,700 pamwamba pa nyanja yamchere. Kuchoka apo msewu umadutsa Makambako, Mafinga ndi Iringa, madera okwera omwe usiku ndi m'bandakucha kumazizira kwambiri, makamaka Juni ndi Julayi. Kutentha kumadzakupezani mukatsika kulowera ku Mikumi, Morogoro ndi Chalinze. Kuchokera pamalire kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita oposa 900. Juzi imodzi yopepuka ndi masokosi zikhale m'chikwama chaching'ono, osati m'buti. Oyenda pandege aitengenso juziyo, chifukwa m'ndege, m'mabanki ndi m'zipinda zamisonkhano makina oziziritsa amatsegulidwa mwamphamvu, ndipo kulowa m'menemo malaya atanyowa kumachititsa munthu kumva kuzizira kwambiri.

Chachisanu: nsapato

Mapeya atatu akwana. Nsapato zotseka, zopepuka, zomwe munazolowera kale, zoyendera mumsika momwe ngolo zokankha ndi mapazi a anthu zimaponda zala. Masandasi a labala okhala ndi lamba kuchidendene, oyendera pamvula. Ndi masilipasi a kubafa, chifukwa m'bafa yogwiritsa ntchito anthu ambiri ndi momwe mumatengedwa matenda oyabwa pakati pa zala. Nsapato zatsopano musaziyesere paulendowu. Mapazi amatupa mukakhala nthawi yaitali m'basi, amatupanso ndi kutentha, ndipo thuza lotuluka pamalo achinyezi limachedwa kupola. Zachikopa zikanyowa zimachita chuku m'masiku ochepa. Ngati n'zofunika kumsonkhano, muzizitulutsa m'chikwama zipitidwe mphepo.

Chachisanu ndi chimodzi: zosamalira thupi ndi mankhwala

Mafuta omwe timadzola kuno nyengo yozizira, Vaseline ndi glycerine, kumeneko amatseka timabowo ta thukuta n'kuyambitsa tizidzolo toyabwa m'khosi, kumsana ndi pansi pa mabere. Tengani mafuta opepuka, kabotolo kakang'ono. Onjezerani paudala wothira m'mapazi ndi m'malo opindika, sopo, mankhwala a m'khwapa, ndi kachidutswa ka sopo wochapira. Zopaka m'milomo ndi zodzola zina zolimba zimasungunuka zikakhala m'buti yotentha. Wigi ndi tsitsi lalitali loikirira ndi katundu wolemetsa mutu. Kuluka zogona kapena kumeta musananyamuke kudzakupumitsani. Mafuta oteteza khungu kudzuwa a SPF 30 kapena kuposa apo (nambala yolembedwa pabotolo yosonyeza mphamvu yake) ndi othandiza kwa aliyense woyenda panja tsiku lonse, ndipo kwa abale athu achialubino ndi ana ndi chinthu choyamba kulowa m'chikwama.

Udzudzu musauderere poti kwathunso uliko. Kuwonjezera pa malungo, Dar es Salaam inavutikapo ndi matenda a dengue, makamaka mu 2014 ndi mu 2019. Udzudzu wofalitsa dengue umaluma masana, kwambiri m'mawa ndi chakumadzulo, nthawi yomwe neti siikuthandizani. Tengani mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET (dzina la mankhwala lolembedwa pabotolo), ndipo muziwapaka pamwamba pa mafuta a dzuwa, osati pansi pake. Ngati mukagona kumalo otsika mtengo kapena kwa abale, neti yanu ndi kachingwe komangira zisatsale. Amayi oyembekezera, ana aang'ono ndi abale okhala ku Britain kapena ku Johannesburg omwe papita zaka asanadwale malungo akaonane ndi dokotala asananyamuke, awauze za mankhwala oteteza.

M'kathumba ka mankhwala muike panado, mapulasitala a mabala, ndi mapaketi angapo a Thanzi. Thukuta limachotsa madzi ndi mchere m'thupi, ndipo mutu wopweteka, chizungulire, kukokana kwa minofu ndi mkodzo wachikasu kwambiri ndi zizindikiro zoti mwatsala pang'ono kugwa. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Ikasowa, timasupuni 6 ta tiyi ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi zimathandiza. Thupi likatentha imwani panado yekha mupite kukayezetsa. Aspirin ndi ibuprofen n'zoopsa ngati ali dengue, chifukwa zimawonjezera kutaya magazi. Botolo la madzi lolimba likhale nanu nthawi zonse, muzithiramo madzi ogula otsekedwa bwino kapena owiritsa. Madzi a kokonati yaiwisi omwe amagulitsidwa m'misewu ndi abwino kwambiri tsiku lotentha.

Omwe amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga, ma ARV kapena a mphumu, atenge okwana ulendo wonse ndi a sabata ina yapadera, m'mabotolo ake enieni, pamodzi ndi buku la kuchipatala. Asalowe m'chikwama chachikulu. Basi ikhoza kuchedwa pamalire, katundu akhoza kutsalira, ndipo kutentha kwa m'buti kumawononga mankhwala ena, makamaka insulin.

Chachisanu ndi chiwiri: mapepala, ndalama ndi foni

Pasipoti ikhale ndi miyezi yosachepera 6 isanathe ntchito. Amalawi safunika viza paulendo waufupi wokacheza ku Tanzania. Ngati njira yanu ikudutsa dziko lomwe kuli matenda a yellow fever, monga Kenya kapena Ethiopia, tengani khadi yachikasu ya katemera. Jambulani pasipotiyo pafoni, mupangenso fotokope imodzi yoika m'chikwama china. Popita ku Zanzibar pasipoti imafunikanso, ngakhale ndi dziko lomwelo.

Chinyezi chimawononga mapepala. Pasipoti yoikidwa m'thumba la buluku tsiku lonse imafewa ndi kupindika, inki ya malisiti imafufutika. Ikani zonse m'kathumba kosalowa madzi kotseka ndi zipi. Koma samalani pa nkhani ya pulasitiki: kuyambira pa 1 Juni 2019 dziko la Tanzania linaletsa majumbo onyamulira katundu, ndipo alendo saloledwa kulowa nawo. Timatumba totseka tosungira zodzola ndi mankhwala timaloledwa, poyembekezera kuti mudzabwerera nato. Ndiye chizolowezi chathu chokulunga nsapato ndi zovala zakuda mu jumbo chisiyeni. Nsapato zikulungeni mu nyuzipepala kapena m'chovala chakale, ndipo mutenge kathumba kansalu kogulira zinthu.

Ndalama sinthirani kubanki kapena kumalo ovomerezeka, lisiti muisunge. Ndalama yapepala yaikulu kwambiri ku Tanzania ndi ya mashilingi 10,000, choncho ndalama yoodera katundu imakhala mpukutu waukulu. Igaweni patatu: yochepa ya tsikulo m'thumba lakutsogolo, yambiri m'kathumba ka m'chiuno kovala m'kati mwa zovala, yotsala pamalo ena. Ya m'chiunoyo ikulungeni kaye chifukwa thukuta lidzainyowetsa. Mikanda yagolide, mawotchi odula ndi ndolo zazitali zisiyeni kunyumba. Mu daladala (maminibasi a kumeneko) ndi mu mabasi othamanga a mumzinda otchedwa mwendokasi anthu amapanikizana, ndiye chikwama chobereka muzichiika kutsogolo.

Masoketi ambiri kumeneko ndi a mano atatu ngati akwathu, ndipo mphamvu ya magetsi ndi yofanana, choncho tchaja yanu igwira ntchito. Nyumba zina zakale zili ndi a mabowo ozungulira, ndiye adaputala yaing'ono siipweteka. Pawabanki ndi yofunika paulendo wa basi wautali chotero. Pandege imaloledwa m'chikwama cha m'manja chokha, momwenso zamadzimadzi siziyenera kupitirira 100 ml botolo lililonse. Simukhadi ya kumeneko imalembetsedwa ndi pasipoti. Lembani papepala nambala ya munthu wokulandirani ndi dzina la malo ogona, foni ikhoza kuzima. Wotchi muipititse patsogolo ndi ola limodzi mukawoloka malire.

Chachisanu ndi chitatu: kulongedza kwenikweniko

Chitani zimenezi kutatsala masiku awiri, osati usiku wonyamuka. Chovala chilichonse chilowe chitaumiratu; chimodzi chokha chachinyontho chimanunkhitsa chikwama chonse mukamafika ku Morogoro. Nsapato ndi zolemera zikhale pansi, masokosi muwalowetse m'nsapatomo. Zovala zikulungeni ngati mphasa m'malo mozipinda, zimatenga malo ochepa ndipo sizikwinyika kwambiri. Mabotolo a mafuta atsekeni mwamphamvu, mumate tepi pachivindikiro, muwaike m'kathumba kawokawo chifukwa kutentha kumawatukumula n'kutayikira. Pamwamba penipeni ikani zomwe mudzafune mukangofika: sopo, chitenje, masilipasi ndi chovala chimodzi chosinthira. Ikaninso chingwe cha mamita atatu, mapegi ochepa, ndi pilokesi yakale yosungiramo zovala zakuda.

Gawo limodzi mwa magawo atatu a chikwamacho lisiyeni lopanda kanthu. Zitenje, makanga, masandasi ndi malaya opepuka zili mbwee ku Kariakoo, ndipo n'zopangidwira nyengo ya kumeneko; chomwe mwaiwala mudzachigula. Oyenda pandege ayeze chikwama pasikelo molingana ndi makilogalamu olembedwa patikiti. Lembani dzina ndi nambala yanu kunja ndi m'kati, mutseke ndi loko.

M'chikwama chaching'ono mukhale mapepala, ndalama, mankhwala, foni ndi tchaja, juzi, madzi, tishu, mswachi, kampango, zokhwasula zosawonongeka monga mtedza wokazinga, ndi chovala cham'kati chimodzi ndi malaya amodzi. Zakudya zophika za nyama kapena nsomba musasunge mpaka tsiku lachiwiri.

Mukafika, ndi pobwerera

Musasiye zovala zili m'chikwama chotseka. Zitulutseni, muzipachike, chikwamacho muchisiye chotsegula. Chapani madzulo aliwonse zomwe mwavala tsikulo. Mukafinya, yalani chovalacho pachitenje chouma, mukulunge pamodzi, mupondeponde kuti madzi ambiri alowe m'chitenjecho, kenaka mupachike pachingwe chanu pansi pa fani. Malaya opyapyala amakhala atauma kukamacha. Zoyanika panja muzisite, makamaka zam'kati ndi za ana, chifukwa cha ntchentche ija yoikira mazira pansalu yonyowa n'kusanduka mphutsi pakhungu. Zoyenda zazikulu zichiteni m'mawa, masana mukhale pamthunzi.

Tsiku lomaliza musachape chilichonse chomwe sichiuma musananyamuke. Ndi bwino kubwerera nacho chakuda chouma kusiyana ndi choyera chonyowa. Malisiti onse a katundu yemwe mwagula akhale pamodzi m'kathumba ka mapepala, a MRA adzawafuna pa Songwe. Mukafika kunyumba chapani zonse, chikwamacho muchiyanike padzuwa chili chotsegula. Thupi likatentha kapena kuphwanya m'masabata otsatira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mukayezetse malungo, ndipo muwauze adokotala kuti munali ku Dar es Salaam kuti aganizirenso za dengue.